ZA MZUKWA NDI KAZITAPE: MBIRI YA LIU LIMODZI LA CHINGEREZI

Ana athu amabwera kunyumba ndi mau ambiri a Chingerezi, ena ochokera kusukulu, ena ku wailesi ndi ku kanema, ena m'mafoni. Kawirikawiri ife makolo timangowamva mauwo, osafunsa kumene adachokera. Koma liu lachilendo lili ngati mlendo wofika madzulo: nkwabwino kumufunsa kwao ndi mfunda wake asanagone m'nyumba. Mwezi uno tifuna kufunsa mlendo mmodzi wotere. Ndi liu lalifupi, la malembo asanu okha, lolembedwa "spook", ndipo Angerezi polinena amati "sipuku".

Mukatsegula buku lomasulira mau a Chingerezi, mudzapeza kuti liuli lili ndi matanthauzo atatu. Loyamba ndi mzukwa, ndiye kuti wakufa amene anthu amati waonekera amoyo. Lachiwiri ndi kazitape, munthu wolembedwa ntchito yozonda zinsinsi za dziko lina. Lachitatu ndi chipongwe choipa chimene azungu ena a ku America adanyoza nacho anthu akuda. Tsono funso lathu nali: kodi zidatheka bwanji kuti wakufa, wozonda ndi munthu wonyozedwa alowe onse atatu m'dzina limodzi? Yankho lake lili ndi phunziro kwa banja lililonse lachikristu.

Kumene liuli lidabadwira

Liuli si la Angerezi enieni ai. Eni ake ndi Adatchi, anthu a dziko la Holland, lotchedwanso Netherlands, ku Ulaya. Iwo amalilemba chimodzimodzi, koma polinena amati "sipoko", ndipo kwa iwo limatanthauza mzukwa kuyambira kalekale. Mitundu yoyandikana nao ili nalonso: Ajeremani amati "Spuk", a ku Sweden amati "spöke", a ku Denmark amati "spøgelse". Mau onsewa ndi ana a mimba imodzi, monga momwe Chinyanja, Chitumbuka ndi Chiswahili zimafanirana pa liu loti munthu.

Chodabwitsa nchakuti dziko la Holland lili pafupi ndithu ndi England, kungooloka kanyanja kamodzi, komabe liuli silidadzere njira yachidule imeneyi. Lidayamba laoloka nyanja yaikulu ya Atlantic kunka ku America, ndipo kumeneko ndiko lidalowa m'Chingerezi.

Zidayenda motere. M'chaka cha 1609 mkulu wina wa ngalawa, dzina lake Henry Hudson, wotumidwa ndi amalonda a Chidatchi, adalowa mu mtsinje waukulu wa ku America umene lero umadziwika ndi dzina lake. Pambuyo pake Adatchi adadza kudzagula zikopa za nyama kwa eni dziko. M'chaka cha 1624 adamanga linga kumtunda kwa mtsinjewo, nalitcha Fort Orange, ndipo posakhalitsa adamanganso mudzi pa chilumba cha Manhattan, pamene mtsinje umathira m'nyanja, nautcha New Amsterdam.

Mmodzi mwa alendo oyamba amene adalemba za mudziwo ndi wansembe wathu, Isaac Jogues Woyera, wa chipani cha Ayezuiti, wochokera ku France. Iye adagwidwa ukapolo ndi anthu a mtundu wa Mohawk, amene adamuzunza nadula zala zake zina. M'chaka cha 1643 Adatchi a ku Fort Orange, ngakhale sadali Akatolika, adamuthandiza kuthawa, namufikitsa ku New Amsterdam. Kumeneko adauzidwa kuti m'kamudzi kakang'onoko munkalankhulidwa zinenero 18. Pamalo otere mau amasinthana manja ngati ndalama pa msika. Tidzabweranso kwa woyera ameneyu kutsogoloku.

M'chaka cha 1664 ngalawa zankhondo za Angerezi zidafika, ndipo bwanamkubwa wa Adatchi, Peter Stuyvesant, adapereka mudzi popanda kumenyana. New Amsterdam adasanduka New York, Fort Orange adasanduka Albany. Koma mbendera imasintha tsiku limodzi, pamene chinenero cha pa mtondo ndi pa moto sichisintha msanga. Alimi a m'chigwa cha Hudson adapitiriza kulankhula Chidatchi zaka zoposa 150. Martin Van Buren, amene adakhala mtsogoleri wa dziko la United States kuyambira 1837 mpaka 1841, adayamwa Chidatchi kwa mai wake, ndipo Chingerezi adachiphunzira pambuyo. Ngakhale akapolo akuda a m'mabanja amenewo ankalankhula Chidatchi, monga mai wotchuka uja Sojourner Truth, amene adalimbana ndi ukapolo moyo wake wonse.

Mwa njira imeneyi anansi ao olankhula Chingerezi adatola mau angapo. "Boss", amene ana athu amatchulira bwana wa pantchito, ndi "baas" wa Adatchi. "Santa Claus" wa pa Khirisimasi ndi "Sinterklaas", ndiye kuti Nikolasi Woyera, episkopi wa ku Myra. Pamodzi ndi amenewa mudalowanso mzukwa wathu uja. Liuli lidaoneka koyamba m'Chingerezi chosindikizidwa m'chaka cha 1801, m'ndakatulo yoseketsa ya m'nyuzipepala za ku America, yotsanzira kalankhulidwe ka nkhalamba ya Chidatchi. Angerezi poona malembo aja "oo" adawawerenga mwa chizolowezi chao, ndipo "sipoko" adasanduka "sipuku".

Liu lomweli lidayendanso ulendo wina wolunjika kwathu kuno. M'chaka cha 1652 Adatchi adakhazikika ku Cape, kumwera kwa Africa, ndipo chinenero chao chidabala cha Afrikaans, chimene chidasunga "spook" ndi "baas" mpaka lero. Agogo athu amene adapita ku migodi ya ku Joni adalimva ndithu liu loti "baas" m'mawa ndi madzulo. Ndipo amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene adayamba ntchito yao ku Mvera m'chaka cha 1889, adali ana a chinenero chomwecho. Nchifukwa chake anthu adawatcha Adatchi.

Chifukwa chake Angerezi adalilandira

Mwina mufunsa kuti: kodi Angerezi adalibe liu laolao lotchulira mzukwa? Adali nalo, ndilo "ghost". Koma liu limeneli lidali lolemera, pakuti poyamba linkatanthauza mzimu, ndiye kuti chimene chimampatsa munthu moyo. Kwa zaka mazana ambiri Akatolika olankhula Chingerezi, pochita chizindikiro cha mtanda, ankatchula Mzimu Woyera kuti "Holy Ghost", ndipo kunena kuti "Holy Spirit" kudafala kwenikweni m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Misa itayamba kuchitika m'zinenero za anthu. Liu lokhala m'mapemphero silichitidwa nthabwala mosavuta.

"Spook" adalibe ulemu wotere. Adali mzukwa wa m'nthano za pa moto, woopsezera ana, wa m'nyumba yakugwa ndi pa mlatho wa usiku. Mwa iye mudabadwa mau ena: "spooky", onena za malo ochititsa nthumanzi, ndiponso mneni wonena za kavalo kapena ng'ombe yodzidzimuka ndi kuthawa popanda choiopsa chenicheni. Ku America mau amenewa amamveka kwambiri pa 31 Okutobala, usiku wa Halloween, pamene ana amavala nsalu zoyera nayendayenda m'makomo kupempha maswiti. Ambiri a iwo sadziwa kuti dzina loti Halloween limangotanthauza madzulo otsogolera chaka cha Oyera Onse.

Nafenso m'chinenero chathu timasiyanitsa. Mzimu ndi liu laulemu: makolo athu ankathira nsembe kwa mizimu ya azigogo ao, amene ankawadziwa maina, ndipo amishoni pofuna kutchula Mmodzi wachitatu wa Utatu Woyera adasankha liu lomwelo. Koma mzukwa alibe dzina, alibe mbumba, palibe amene amamulira. Ndi chinthu chongoopsa basi. Gwirani bwino kusiyana kumeneku, pakuti ndipo pagona nkhani yathu yonse.

Momwe mzukwa adasandukira kazitape

Tanthauzo lachiwiri lidayamba kulembedwa m'chaka cha 1942, pakati pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene akuluakulu athu ankaitcha nkhondo ya Hitler. M'chaka chomwecho boma la America lidakhazikitsa bungwe la azondi lotchedwa OSS, lotsogozedwa ndi William Donovan, ndipo nkhondo itatha, m'chaka cha 1947, m'malo mwake mudabadwa CIA. Angerezi adali nao kale mabungwe ao, MI5 ndi MI6, amene chiyambi chao ndi chaka cha 1909. Asilikali wamba ndi olemba nyuzi adayamba kuwatcha anthu a m'mabungwe amenewa kuti mizukwa.

Chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Kazitape amalowa pamene pali potseka, amamva zimene sadauzidwe, amayenda ndi dzina losakhala lake, ndipo mukati mumugwire mupeza wazimirira. Boma limene lidamutuma limakana kuti silimudziwa. Alipo, koma ngati palibe. Dzinalo lidakhazikika kotero kuti wailesi ya kanema ya BBC idaonetsa sewero la azondi a MI5 kuyambira 2002 mpaka 2011 pansi pa mutu woti "Spooks".

Nkhondo yomweyo idapereka chitsanzo chimene chimaphatikiza matanthauzo awiriwa mochititsa chisoni. M'chaka cha 1943 Angerezi ndi anzao ankafuna kulanda chilumba cha Sicily, koma adafuna kuti Ajeremani ayembekezere nkhondo kwina. Tsono adatenga mtembo wa mmphawi wina wa ku Wales, Glyndwr Michael, amene adalibe pokhala ndipo adafera ku London m'mwezi wa Januwale atadya mankhwala ophera makoswe. Adauveka zovala za mkulu wa asilikali, naupatsa dzina latsopano loti William Martin, naika m'matumba mwake makalata ndi chithunzi cha mtsikana wonamizira kuti ndi wotomeredwa wake. Adaumangirira chikwama cha makalata onama, onena kuti nkhondo idzalowera ku Greece ndi ku Sardinia. Pa 30 Epulo sitima yoyenda pansi pa madzi idausiya mtembowo m'nyanja pafupi ndi mzinda wa Huelva ku Spain, ndipo msodzi wina adautola. Zolembedwa m'makalatamo zidafika kwa Ajeremani, iwo adazikhulupirira, ndipo m'mwezi wa Julayi asilikali a Angerezi ndi a America adatsikira ku Sicily.

Taonani, abale: wakufa adagwira ntchito ya kazitape. Ochenjera a nkhondo amayamikira machenjerero amenewa, ndipo nzoona kuti adapulumutsa miyoyo ya asilikali ambiri. Koma mmphawi uja adaikidwa m'manda a ku Huelva pansi pa mwala wolembedwa dzina la munthu amene sadabadwe nkomwe. Padapita zaka zoposa 50 kuti dzina lake lenileni lidziwike kwa anthu ndi kulembedwa pa mwalawo. Tsiku limenelo adaleka kukhala mzukwa, nakhalanso munthu, mwana wa bambo ndi mai.

Liu lathu loti kazitape lili ndi nzeru yakeyake. Aliyense amamva m'kati mwake kutapa, monga mai amatapa ufa m'dengu. Kazitape amatapa nkhani pakhomo pano nkukazikhuthula pakhomo pena. Mzungu adayang'ana kusaoneka kwa munthuyo, makolo athu adayang'ana ntchito ya manja ake.

Tanthauzo lochititsa manyazi

M'zaka zomwezo za m'ma 1940 liuli lidalandira katundu wachitatu. Azungu ena a ku America, m'masiku a tsankho pamene wakuda sankaloledwa kukhala pa mpando umodzi ndi mzungu m'madera akumwera, adayamba kuwatcha anthu akuda ndi dzina limeneli. Ndi chipongwe chachikulu, ndipo chidakali chowawa kumeneko. Chotero inu ana athu amene mumapita maiko akutali kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, chenjerani nalo liuli. Musamutchule nalo munthu aliyense.

M'chaka cha 1969 mlembi wakuda wa ku Chicago, Sam Greenlee, adatulutsa buku la nthano lotchedwa "The Spook Who Sat by the Door". Limasimba za munthu wakuda woyamba kulembedwa ntchito ku CIA, amene mabwana ake adamukhazika pafupi ndi khomo kuti alendo azimuona nkumati bungweli lilibe tsankho. Mutu wa bukulo udaluka matanthauzo onse pamodzi: kazitape, munthu wonyozedwa, ndiponso munthu amene anzake amamuyang'ana tsiku ndi tsiku koma osamuona.

Tsopano yankho la funso lathu lija laoneka. M'matanthauzo onse atatu muli chinthu chimodzi: munthu walandidwa nkhope ndi dzina. Wakufa akasanduka mzukwa, sitimukumbukiranso ngati mbale, timangomuthawa. Kazitape amavula yekha dzina lake kuti anamize anzake. Wonyozedwa amavulidwa dzina ndi anzake kuti amupondereze popanda chikumbumtima kuwatsutsa. Ndipo paliponse pamene munthu wasanduka chithunzithunzi, pomwepo pamera mantha.

Zimene Malembo Oyera atiphunzitsa

Musaganize kuti mantha a mizukwa ndi a ife tokha anthu a kumudzi. Atumwi eniake adagwidwa nao. Mateyo Woyera, pa mutu 14, asimba kuti usiku wina iwo adali m'ngalawa pa nyanja ya Galileya, mphepo ikuwakankha, ndipo ataona Ambuye Yezu akuyenda pa madzi adafuula ndi mantha poyesa kuti ndi mzukwa. Ambuye sadawaseke, adawalankhula, iwo adazindikira liu lao, ndipo mantha adatha. Luka Woyera, pa mutu 24, asimbanso kuti atauka kwa akufa adawaonekera, iwo nachitanso mantha omwewo. Tsono adawaonetsa manja ndi mapazi ao, nadya chidutswa cha nsomba yootcha pamaso pao. Kawiri konse mankhwala a mantha adali amodzi: kuzindikira kuti amene ali patsogolo pao ndi Munthu wodziwika, wa dzina ndi zipsera.

Za azondi namonso zilimo. M'buku la Numeri, mutu 13, Mose adatuma anthu 12 kukazonda dziko la Kanani. Adayenda masiku 40, nabwera ndi phava la mphesa lalikulu lonyamulidwa pa mtengo ndi anthu awiri. Onse adaona dziko limodzi, koma khumi a iwo adakuza zoopsa, nadzifanizira ndi ziwala pamaso pa eni dziko. Yoswa ndi Kalebe okha ndiwo adalimbitsa mitima ya anthu. Aisraele adamvera khumi aja, ndipo adazungulira m'chipululu zaka 40. Chimene chidawatsekera njira si malinga a Kanani ai, koma mizukwa imene adailenga okha ndi pakamwa pao.

Kumbukiraninso Isaac Jogues Woyera. Atachira ku France adabwerera mwa kufuna kwake kwa anthu omwe aja adamuzunza. Paulendo wina adasiya pamudzi pao kabokosi ka katundu wake. Pambuyo pake kudagwa nthenda, mbozi zidadya mbeu za m'minda, ndipo ena adati m'kabokosi muja ndimo muli choipa chimene chikuwapha. Atabwerako m'mwezi wa Okutobala 1646 adamupha ndi nkhwangwa. Papa Pius XI adamulemba m'gulu la oyera m'chaka cha 1930. Amene adamuphawo sadali anthu opanda nzeru. Adali anthu olira maliro ndi oopa njala, ofunafuna womuloza chala. Kodi sizichitika chomwecho pakati pathu, mwana akamwalira mwadzidzidzi, ndipo maso onse atembenukira kwa gogo wosauka wa kumapeto kwa mudzi? Gogoyo adabatizidwa, ali ndi dzina la woyera. Koma tsiku limenelo amasanduka mzukwa pamaso pa adzukulu ake omwe.

Mudzi wa akazitape

Mantha a amoyo ozonda amaononga koposa mantha a akufa. Dziko la East Germany lidali ndi bungwe la apolisi achinsinsi lotchedwa Stasi. M'chaka cha 1989, pa anthu pafupifupi 16 miliyoni, bungweli lidali ndi antchito okwana 91,000, ndiponso anthu wamba oposa 170,000 omatapira nkhani mobisa. Ulamulirowo utagwa, mabuku achinsinsi adatsegulidwa m'chaka cha 1992, ndipo anthu adaloledwa kuwerenga zimene zidalembedwa za iwo. Ena adapeza kuti wowapereka adali bwenzi la pamtima, ena mnzao wa kuntchito, ena mwamuna wao wa m'nyumba.

Akuluakulu a ku Malawi safuna kuuzidwa zimenezi, pakuti adakhalamo m'masiku a chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wacheuka asanatsegule pakamwa m'basi kapena pa mowa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi athu ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, ndipo mwa zina idadandaula za mantha ndi kusakhulupirirana kumene kudalowa pakati pa anthu. M'chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, anthu adavotera ulamuliro wa zipani zambiri.

Koma ukazitape suthera ku boma. Ulipo wa pa chitsime, wa pa chigayo, wa m'kwaya ndi wa mu mphakati, ndipo masiku ano ulinso wa m'foni, pamene munthu amajambula mnzake mobisa nkutumiza kwa anthu zana asanameze malovu. Mpongozi atapa za mkamwana, mlamu atapa za mlamu, ndipo banja limene lidamangidwa pa guwa lipasuka chifukwa cha nkhani yopanda mwini. Mukafunsa kuti adanena ndani, ayankha kuti anthu akutero. Anthu amenewo ndiwo mizukwa yeniyeni ya m'midzi mwathu: alibe nkhope, alibe dzina, koma amapha.

Tisasokoneze zinthu. Dziko lili ndi ufulu wodzitchinjiriza kwa adani, ndipo amene amagwira ntchito imeneyi mwa chilungamo ndi motsata malamulo sachimwa. Ndiponso amene waona mwana akuzunzidwa, kapena mbala ikuthyola nkhokwe, kapena chiwembu chofuna kupha munthu, ayenera kukanena kwa mfumu kapena kwa apolisi. Kukhala chete pamenepo ndiko kuchimwa. Mboni imasiyana ndi kazitape motere: mboni imaima poyera ndi dzina lake, imanena zoona zokhazokha, kwa amene ali ndi udindo, kuti ipulumutse, kazitape amanong'ona mumdima, amathira mchere, kwa aliyense wofuna kumva, kuti apindule kapena agwetse mnzake.

Zoyenera kuchita banja lachikristu

Choyamba, akufa athu tiwatchule maina, tisawaope. Eklezia atiphunzitsa kuti munthu akamwalira mzimu wake umaonekera pamaso pa Mulungu, ndipo uli m'manja mwake, suli pa mphambano kapena m'ziyangoyango za kumanda. Amene ali kumwamba amatipempherera. Amene akuyeretsedwa m'Purigatorio amasowa mapemphero athu. Buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, lisimba kuti Yuda Makabeo adasonkhetsa ndalama kuti nsembe iperekedwe chifukwa cha asilikali ake amene adafa. Odilo Woyera, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France, amene adamwalira m'chaka cha 1049, adalamula kuti m'nyumba zonse za chipani chake akumbukire akufa onse pa 2 Novembala, ndipo mwambowo udafalikira mu Eklezia yense. Tsono wina akalota malemu amake, kapena akamva mtima kugunda podutsa kumanda, asathamangire kwa woombeza, pakuti Mulungu adaletsa kufunsira kwa akufa, ndipo mfumu Saulo adapita ku Endori usiku nabwerako wosweka mtima. Koma apite kwa Abambo akapereke Misa, ndipo banja linene korona kutchula dzina la malemuyo.

Chachiwiri, musalere ana ndi mizukwa. Nkwapafupi kumukhazika chete mwana pomuuza kuti panja pali chinthu chimene chimugwire, koma mantha amene mwadzala usiku umodzi adzakolola moyo wake wonse. Muuzeni zoona: usiku kuli njoka, kuli afisi, kuli anthu oipa, ndipo nchifukwa chake sayenera kuyenda yekha. Muphunzitseni kuchita chizindikiro cha mtanda, ndipo pamene waona chinthu mumdima, mutengeni pa dzanja ndi nyali mukachione pamodzi. Kawirikawiri mudzapeza chitsa, kapena nsalu yoiwalika pa chingwe.

Chachitatu, sungani lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama. Lamuloli liletsanso miseche, kusinjirira, ndi kuganizira mnzathu zoipa popanda chifukwa chokwanira. Munthu akadza kwa inu ndi nkhani yotapa, mufunseni ngati angainene mwini wake ali pomwepo. Akakana, musailandire. Wotapa za mnzanu lero adzatapa zanu mawa. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo amene adaipitsa mbiri ya mnzake adziwe kuti kulapa kokha sikukwanira, ayeneranso kubweza mbiriyo monga mbala ibweza mbuzi. Chitsanzo chathu chikhale wansembe m'kachipinda kolapira, amene amamva zinsinsi za mudzi wonse, koma saloledwa kuulula nkamodzi komwe, ngakhale amuopseze ndi imfa.

Chachinai, musamutche munthu dzina lomuvula umunthu, kaya chifukwa cha khungu lake, mtundu wake, chilema chake kapena ukalamba wake. Ife amene anzathu akuda adanyozedwa ndi liu lija kutsidya kwa nyanja, tisachite zomwezo kwa mnansi wathu. Pa ubatizo wansembe amafunsa dzina la mwana asanathire madzi, pakuti Mulungu saitana chigulu, amaitana mmodzimmodzi.

Potsiriza, nzoona ndithu kuti alipo osaoneka amene amationa usana ndi usiku, koma si mizukwa kapena akazitape. Aliyense wa ife ali ndi Mngelo Womusunga, amene Eklezia amamukumbukira pa 2 Okutobala. Iye amaona zofooka zathu zonse, koma sakazitapira kwa anansi, amangotichinjiriza ndi kutipempherera. Ndipo pamwamba pa onse pali Atate athu, amene amaona zobisika, namadziwa za ife zimene kazitape aliyense sangazipeze, komabe amatikonda. Munthu wozolowera kukhala pamaso pa Mulungu saopa mdima, ndipo alibe chifukwa chozondera mnzake.

Tsono madzulo ano, mukatha kudya, sonkhanani pamodzi. Aliyense atchule dzina la wakufa mmodzi wa m'banja, mumupempherere mpumulo wosatha. Kenaka aliyense aganize mumtima mwake dzina la wamoyo mmodzi amene adamunenera zoipa kuseri, amupemphererenso, ndipo mawa akamupatse moni. Mulungu adalitse mabanja anu onse, ndipo Amai Maria akusungeni.